Mulungu Sadzataya Dziko Limene Analenga

Malemba: Chivumbulutso 21:1-5 ndi 22:1-5; Aroma 8:18-25; Yeremiya 32:6-15



Mukafunsa Mkhristu kuti akuyembekezera chiyani, ambiri amayankha kuti akufuna kukalowa kumwamba. Yankho limeneli si lolakwika. Koma mukafunsitsa kuti kumwambako kukakhala zotani, mumangomva za mitambo, mikanjo yoyera ndi nyimbo zosatha, ngati kuti Mulungu adzangotola mizimu yathu, matupi athu ndi dziko lino n'kuzisiya kuti ziwole. Malemba alero akutilonjeza zoposa pamenepo. Mulungu amene analenga nthaka, mitsinje ndi matupi athu, naona kuti n'zabwino, sanasinthe maganizo. Adzazikonzanso zonse.

Tiyambire kumanda, chifukwa ndi kumene funsoli limapweteka. Adzukulu amaliza kukwirira, makasu aikidwa pambali, nkhata zayalidwa pa mtumbira, ndipo anthu ayamba kubwerera kusiwa. Mayi wamasiye wagwiriziridwa ndi amayi anzake, miyendo ikukana. Funso lili mumtima mwake ndi limodzi: kodi bambo a ana anga ali kuti tsopano? Baibulo silimusiya mumdima. Pa mtanda, Yesu anauza wachifwamba wolapa uja kuti tsiku lomwelo adzakhala naye limodzi m'Paradaiso. Paulo, akulembera Afilipi ali m'ndende, anati kuchoka m'moyo uno n'kukakhala ndi Khristu n'kwabwino koposa. Choncho tikamanena kuti m'bale wathu watsogola, kapena kuti wapuma, sitikungodzitonthoza. Amene anafa akukhulupirira Yesu ali m'manja mwa Ambuye lero lino.

Komatu nkhani siithera pomwepo. Thupi limene mayi uja analisambitsa, kulidyetsa phala ndi kuligonera m'chipatala lili pansi pa dothi, ndipo Mulungu sanaliiwale. Taonani Yesu atauka kwa akufa. Ophunzira anachita mantha, kuganiza kuti aona mzukwa. Iye anawaonetsa manja ndi mapazi, kenako anapempha chakudya. Anamupatsa chidutswa cha nsomba yootcha, iye n'kudya iwo akuona. Tomasi anaitanidwa kuti akhudze zipsera za misomali. Uyu sanali mthunzi. Anali Yesu yemwe uja, ndi thupi lenileni, koma thupi limene imfa singaligwirenso. Pa 1 Akorinto 15, Paulo akuti kuuka kwa Yesu ndi chiyambi cha zokolola, ndipo ife ndi zokolola zotsatira. Mlimi aliyense akudziwa kuti njere ya chimanga imene waikwirira pa phando ndi mvula yoyamba sanaitaye. Imafufuma, imaoneka ngati yawola, koma chotuluka pamenepo ndi phesi la ngaiyaye ndi zisononkho zake, losiyana ndi njere ija ngakhale lachokera mwa iyo. Umu ndi mmene zidzakhalire ndi matupi athu. Wa khungu adzaona, amene stroko inamupha ziwalo adzaima chilili, ndipo mwana amene malungo anamutenga asanayambe sukulu adzauka wamphumphu.

Anthu a matupi amafunika dziko loti apondepo. Apa ndiye pakubwera masomphenya a Yohane a m'buku la Chivumbulutso. Anali pa chilumba cha Patmo, kumene anatayidwa chifukwa cha umboni wa Yesu, ndipo ankalembera mipingo 7 ya ku Asiya, monga Efeso, Smurna ndi Laodikaya, imene inali pansi pa ulamuliro wa Aroma. Yang'anitsitsani kumene zinthu zikulowera m'masomphenyawo. Yohane sanaone anthu akuthawa pansi pano kukwera kumwamba. Anaona mzinda woyera ukutsika kuchokera kwa Mulungu, kubwera ku dziko lokonzedwanso. Mathero a Baibulo ndi akuti Mulungu adzabwera kudzakhala pakati pathu. Iye mwini, osati mngelo wotumidwa, ndiye adzatipukuta misozi. Maliro adzatha. Zipata za mzindawo sizidzatsekedwa, poti kulibe mbava yoti n'kuiopa. Muli mtsinje wa madzi oyera, ndi mtengo wa moyo wobala zipatso mwezi uliwonse, miyezi yonse 12. Inu amene mukudziwa mmene Januwale ndi Febuluwale amawawira, nkhokwe itagwa, ana akugonera maungu osakhwima kapena madeya, mvetsani lonjezo limeneli: kumeneko kulibe mwezi wa njala.

Paulo, pa Aroma 8, akuti chilengedwe chonse chikubuula, kudikira tsiku limenelo. Kubuulako ife takumva ndi makutu athu. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'kati. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Nsanje midzi ndi minda zinakokoloka, ndipo mabanja ena mpaka lero sanaone matupi a abale awo. Mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa, mabwato n'kukhala pa dothi long'aluka. Mapiri amene makolo athu ankawadziwa ali ndi nkhalango lero ali mbee. Koma taonani kubuula kumene Paulo akunena. Akukufanizira ndi zowawa za mayi wobereka, osati za munthu amene akutsirizika. Zowawazo n'zenizeni, koma kutsogolo kwake kuli moyo.

Wina anena kuti, nanga Petro sanalembe kuti dziko lidzapsa ndi moto? Analembadi, pa 2 Petro 3. Koma werengani mutu wonsewo. Iye akuyerekeza motowo ndi chigumula cha Nowa. Chigumula chinasesa zoipa, ndipo Nowa atatuluka m'chombo anaponda pa nthaka n'kuyamba kulima. Petro naye akumaliza ndi lonjezo la dziko latsopano lodzala ndi chilungamo. Chimene chidzapse ndi uchimo, chinyengo ndi nkhanza. Ntchito ya manja a Mulungu idzatuluka yoyera.

Tsopano funso la ife a lero: zimenezi zikusintha chiyani Lolemba m'mawa? Alipo amene amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, za kumwamba n'zonyengerera amphawi kuti asadandaule. Aliponso Akhristu amene amati, poti dziko likutha, palibe chifukwa chobzalira mtengo kapena kusamala mtsinje. Onsewa yankho lawo lili kwa Yeremiya.

M'chaka cha 10 cha ufumu wa Zedekiya, ankhondo a Nebukadinezara anali atazinga Yerusalemu. Yeremiya anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda, ndipo iye yemwe anali atalosera kuti mzindawo ugwa. Pa nthawi yotereyi kunabwera msuweni wake Hanameli, kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Ndani amagula munda adani ali pakhomo? Koma Yeremiya, pomvera Mulungu, anayeza masekeli 17 a siliva pa sikelo, anasaina kalata ya umwini pamaso pa mboni, n'kuuza Baruki kuti aisunge mu mtsuko wadothi kuti ikhalitse. Anthu amene ankaonerera ayenera kuti anamuyesa wamisala. Iye ankalalikira ndi ndalama zake kuti Mulungu sanathane nalo dzikolo, ndipo minda idzagulidwanso.

Chiyembekezo chenicheni chimagwira ntchito chonchi. Amene akudziwa kuti Mulungu adzakonzanso dziko sangaligwiritse ntchito ngati dzala. Amabzala mitengo m'mbali mwa mtsinje ngakhale mthunzi wake adzakhalepo ndi zidzukulu. Amene akudziwa kuti thupi lidzauka samanyansidwa kusambitsa wodwala kapena kuperekeza mnansi ku chipatala usiku. Yesaya 65 akulonjeza dziko limene munthu adzakhala m'nyumba imene wamanga ndi kudya zimene walima, popanda wina womulanda. Ngati kwathu n'kumeneko, tingalande bwanji munda wa ana amasiye? Tingabere bwanji mlimi pa sikelo pogula soya kapena mtedza wake? Tingalandire bwanji chiphuphu kuti mlandu wa mmphawi ufe? Paulo akutsiriza mutu wonse wa kuuka kwa akufa polimbikitsa Akorinto kuti alimbikire ntchito ya Ambuye, chifukwa siidzapita pachabe.

Tisadzinamize kuti dziko latsopanolo tidzalimanga ndi manja athu. Palibe boma, chipani kapena bungwe limene lingathetse imfa. Mzinda woyera uja ukutsika kuchokera kwa Mulungu, ndi mphatso. Ndipo Yohane sakubisa kuti chodetsedwa ndi bodza sizidzalowamo. Khomo lake ndi Mwanawankhosa amene anatifera. Ngati pali chimene mukuchikumbatira chimene sichingalowe mu mzinda umenewo, chilekeni lero, mubwere kwa Yesu, pakuti amakhululuka ndipo sabweza munthu. Inu olira, lirani, koma osati ngati anthu opanda chiyembekezo. Inu otopa, musaponye khasu pansi.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu, Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, tikuthokozani chifukwa simunataye ntchito ya manja anu. Tonthozani amasiye ndi onse amene ataya okondedwa awo. Tikhululukireni pamene tawononga nthaka yanu ndi kupondereza anzathu. Tipatseni mtima wa Yeremiya, kuti tigwire ntchito mokhulupirika kufikira tsiku limene mudzakonzanso zonse. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, amene anauka kwa akufa. Amen.