Ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame

Mwambi uwu unachokera pa zimene amadziwa aliyense wolawirira kumunda, pamene udzu wa m'mbali mwa njira umanyowetsa miyendo mpaka m'mawondo, chitenje n'kumatirira pathupi dzuwa lisanatuluke. Wokhala pamsana pa njovu mamewo samufika, ndipo ngozi yake ndi yakuti amayamba kuganiza kuti popeza iye wauma ndiye kuti onse auma. Akuluakulu amaponyera mwambiwu munthu amene wapata chuma kapena udindo, ndipo pouponya saletsa kukwera, koma amadzudzula kukana mavuto amene ena akali kulimbana nawo, makamaka ngati wokanayo anadutsamo iye mwini.

Moyo wa John Fielden, mwini mafakitale a nsalu m'tauni ya Todmorden kumpoto kwa England, umaonetsa bwino kulemera kwa mawuwa. Iye anabadwa mu 1784, ndipo atangopitirira zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ya bambo ake, Joshua Fielden, maola 10 tsiku lililonse. Bamboyo atamwalira mu 1811, John ndi abale ake anakuza bizinesiyo mpaka kampani ya Fielden Brothers inakhala imodzi mwa zikuluzikulu zopota ulusi ndi kuwomba nsalu m'dziko la Britain, ndipo mu 1832 anthu a ku Oldham anamusankha kukhala phungu wawo ku Nyumba ya Malamulo.

Masiku amenewo ana ndiwo ankalumikiza ulusi ukaduka pamakina, kuyenda uku ndi uku tsiku lonse m'chipinda chodzaza fumbi la thonje, pamene ocheperapo ankakwawa pansi pa makina akuzungulira kuti atole zinyenyeswa. Lamulo la mu 1833 linaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9, koma linalola kuti a zaka 13 mpaka 18 azigwira maola 12, ndipo eni mafakitale ambiri ankaumirira kuti kuchepetsanso maola kugwetsa malonda a dziko. M'kabuku kake ka mu 1836, The Curse of the Factory System, Fielden anafotokoza kutopa kumene ankamva ali mwana tsiku lisanathe, nawonjeza kuti ntchito inali itawawa koposa chifukwa makina anali atawonjezera liwiro. Umboni wotere unali wovuta kuutsutsa, pakuti wouperekayo sanali mlendo wongomvera chisoni patali, koma mwini makina amene phindu lake likanakhudzidwa ndi lamulo limene ankalipempha.

Apa ndi pamene pagona phata la mwambiwu, chifukwa kuvomera pakamwa kuti mame alipo sikuumitsa mwendo wa munthu. Fielden anazindikira kuti bwana mmodzi wachifundo sangachepetse maola payekha popanda kugonja pamsika kwa anzake ouma mtima, kotero anafuna lamulo lomanga onse, kuphatikizapo iye mwini. Lord Ashley, amene ankatsogolera nkhondo yofuna lamulo lotere, atatula pansi uphungu mu 1846, Fielden anasenza bilu ya maola 10, kutanthauza lamulo lomwe likali kukambidwa. Chaka chimenecho inagwa ndi mavoti ochepa chabe, koma mu 1847 inadutsa, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi 1848 amayi ndi achinyamata a m'mafakitale a nsalu sankayenera kupitirira maola 58 pamlungu.

Komabe wokwera njovu saona mame onse. Thonje lambiri lopotedwa m'chigawo cha Lancashire ku England linkalimidwa ndi akapolo achikuda kum'mwera kwa United States, ndipo lamulo la maola 10 silinachepetse thukuta lawo ngakhale dontho limodzi. Ukapolo kumeneko unathetsedwa mu 1865. Chowonadi chowawa chimenechi chiyenera kutchulidwa, ngakhale sichifafaniza zimene Fielden anachitira ana a kwawo.

Pachisankho cha mu 1847, lamulo lake litangodutsa kumene, anthu ovota ku Oldham anamuchotsa pampando, ndipo Fielden anamwalira mu 1849. Eni mafakitale ena anazemba lamulolo posinthanitsa magulu a antchito kuti makina asaime, mpaka Nyumba ya Malamulo inakonzanso lamulo mu 1850, n'kukhazikitsa nthawi yoyambira ndi yowerukira koma n'kukweza maola apamlungu kufika pa 60.