Kuno Zikuwerengeka, Vuto Ndi Lanu

Sabata ino ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo: ukalankhula, iwe mwini n'kumadzimva bwinobwino, koma mnzako osatolapo kanthu, wolakwa ndani? Ndiyankha podzera ku kanthu kamene achinyamata ambiri muno simunakagwirepo, floppy disk.

Kusanabwere flash, mafayilo a pakompyuta ankasungidwa pa kachimbale kopyapyala ka maginito, ka mainchesi 5.25. Unkakalowetsa mu drive, ndipo drive inali ndi kamutu kolembera ndi kuwerengera m'mizere yozungulira. Pa IBM PC XT ya mu 1983, drive inkalemba mizere 40 mbali iliyonse, chimbale n'kusunga 360 KB. Mu 1984 kunabwera PC AT ndi drive yatsopano ya mizere 80 mbali iliyonse, yosunga 1.2 MB. Kuti mizere 80 ikwane pamalo omwewo, kamutu anakachepetsa kuti kazilemba mzere woonda.

Kompyuta yakale inalibe njira yophunzirira zatsopanozi. Controller yake, kachipangizo kolumikiza drive ndi kompyuta, inkayendetsa deta pa liwiro la 250 kilobits pa sekondi, pomwe chimbale cha 1.2 MB chinkafuna 500. Koma kompyuta yatsopano inkadziwa zonse ziwiri. Chimbale chakale inkachiwerenga, ngakhale kulembapo kumene.

Vuto linali polembapo. Drive yatsopano ikalemba pa chimbale chimene drive yakale inalembapo kale, inkaika mzere wake woonda pamwamba pa mzere wonenepa uja, m'mphepete n'kutsala zolemba zakale. Yokha ikawerenga, zonse zili bho, chifukwa kamutu kake kakuona mzere wake wokhawo. Ukabwezera chimbalecho ku drive yakale, kamutu kake kotakata kankatola zatsopano ndi zakale pamodzi, ndipo nthawi zambiri fayilo inkakanika kutseguka.

Tsono taganizani anthu awiri akukangana. Wa kompyuta yatsopano akuti, "Kuno zikuwerengeka, vuto ndi lanu." Sakunama ayi. Koma umboni wake ndi wotani? Wadziyesa yekha, wadzichongera yekha, wakhoza yekha.

Ine ndikuti udindo waukulu uli pa amene akudziwa njira zonse ziwiri. Drive yakale sikanatha kuchepetsa kamutu kake. Mwini wa yatsopano ndiye anali ndi chosankha: kutenga chimbale chosalembedwapo chilichonse, kapena kukalembera fayiloyo pa drive yakale yomweyo. Zinkafuna kakhama pang'ono basi, ndi kukumbukira kuti chimbalecho chikupita kwa wina.

Si mmene timakhalira ife, eti? Mwana wapita kusukulu, wabwerako, akufotokozera agogo za mankhwala awo theka Chingerezi theka Chichewa. Agogo akugwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima zatsopanozo zasakanikirana ndi zomwe ankadziwa kale. Mawa akamwa mapiritsi molakwika, mdzukulu akuti, "Komatu ndinawauza." Unawauza, inde. Koma iwe umadziwa chilankhulo chawo, iwo sadziwa chako. Ndani akanayenera kusendera pafupi?

Wina anena kuti, ndiye tisapite patsogolo poopa otsalira? Ayi. Chimbale cha 1.2 MB chinkanyamula zoposa katatu za chakale, ndipo palibe amene akanafuna kubwerera. Komanso nthawi zina wolandira ndiye amakaniratu kumva, pamenepo mlandu ndi wake. Chimene ndikukana ndi mtima womayesa uthenga ndi khutu lako lomwe. Drive ija sinkachita mwadala, ndi chitsulo chabe. Ife tili ndi pakamwa pofunsira kuti, "Agogo, tandiuzani mmene mwamvera."

Chondiopsa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti wolembayo sankaona cholakwika chilichonse. Kompyuta yake sinkachenjeza, sinkadandaula. Vuto linkaonekera kutali, m'manja mwa munthu wina, tsiku lina. Zolakwa zathu zambiri n'zotero, ndipo amene amazilipira ndi amene analibe mphamvu yosintha kanthu.

Nanga inu, ndi liti pamene munanenapo kuti "ndinamuuza" musanafunse ngati anamva? Tiyeni tikambirane.