Za Mau a M'tseri ndi Muyeso wa Alembi a Nkhani

Kodi nkoyenera kuti nyuzipepa ndi wailesi ziulutse mau amene munthu ananena m'tseri? Tiyeni tilingalire milandu iwiri.

M'caka ca 2010 Gordon Brown, nduna yaikuru ya Britain, wa cipani ca Labour, anaceza ndi mai wina ku Rochdale pofunafuna mavoti. Polowa m'galimoto anaiwala kuti maikolofoni ya Sky News ikali pa malaya ace, ndipo anamnena maiyo kuti ngwatsankho. Dziko lonse linamva tsiku lomwelo. M'caka ca 2012 magazini ya Mother Jones ku America inaulutsa mau a Mitt Romney, wa cipani ca Republican, amene anauza anthu olemera pa cakudya m'nyumba ya munthu kuti anthu 47 mwa 100 angodalira boma.

Ife titi kuulutsako kunayenera; pakuti wopempha ulamuliro akanenera m'tseri anthu omwe afuna kuwalamulira, anthuwo ayenera kudziwa mtima wace. Za m'banja lace zokha zitsale m'banjamo.

Koma mlembi asanaulutse ayambe wadzifunsa kuti, Mtsogoleri wa cipani cimene ndicikonda akadanena mau awa, kodi ndikadawaulutsanso? Akabisa mau a bwenzi nalengeza a mdani, afanana ndi wamalonda wosunga mbale ziwiri, yaikuru yogulira cimanga ndi yaing'ono yogulitsira. Ndipo ife owerenga tisamuombere m'manja wotereyo, ngakhale pamene cinyengo cace cikomera mbali yathu.