Ukasauka usagwire nyanga

Makolo athu ankadziwa kuti mavuto amasokoneza mutu. Nyanga ya pamwambiwu ndi ija yodzaza ndi zizimba, imene munthu amathamangira pofuna kulemera msanga kapena kulipsira amene amulakwira. Langizo lake n'lakuti ngakhale zinthu zithine bwanji, usafune chipulumutso m'njira zoipa, chifukwa ovulala amakhala osalakwa.

Pantchito munthu amasauka m'thumba ndi mumtima momwe. Taganizani za kalaliki amene wakalambira pampando umodzi, pamene mphwawo wa abwana wakwezedwa atangofika. Malipiro achedwa, mwini nyumba ku Kabwata akugogoda, m'mawa abwana amuzazira pamaso pa anzake. Mtima ukawawa chonchi, amayamba kudziuza kuti, "Ndingotengako, amandiganizira ndani?" Nyanga yake ndi lisiti labodza, mafuta a galimoto ya kampani, kapena kusainira alawansi ya msonkhano umene sanapiteko.

Komabe wokwiya asanabe, amayamba waona khalidwe la pamalopo. Pamene akuluakulu ali oongoka ndipo dandaulo limamvedwa, mkwiyo umathera m'kukambirana. Pamene iwo omwe akudya ndipo wolakwa salangidwa, mkwiyo umapeza chitseko chotsekula kale.

Mwachitsanzo, ku Longacres, mumsewu wa Haile Selassie, kuli Ndeke House, likulu la Unduna wa Zaumoyo m'Zambia. Mu 2009 bungwe la Anti-Corruption Commission linaulula kuti ena ogwira ntchito mu undunawu anaba mabiliyoni a makwacha akale, zina mwa ndalamazo polipira misonkhano imene sinachitike. Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lawo, Global Fund nayo inatero. Ndalama zotere sizituluka ndi dzanja limodzi: wina analemba, wina anasaina, wina anaona n'kukhala chete. Mu Meyi 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula madola 50 miliyoni a thandizo la pachaka chifukwa cha kuba mankhwala. Pa zonsezi wolira ndi mayi amene wabwerera ku chipatala chimanjamanja.

Tsono inu abwana, lipirani anthu pa nthawi yake, kwezani molungama, ndipo tetezani oulula zachinyengo monga lamulo la Zambia la 2010 likunenera. Inu antchito, kadandauleni ku bungwe lanu la antchito kapena ku ofesi ya zantchito. Kuwawidwa mtima sikudzakuimirani pamaso pa woweruza.