Kulowa Chaka Pakati pa Dzinja: Kukhazikika Mtima kwa Mkhristu Kunsi kwa Dzalanyama

Kukhazikika mtima, monga momwe mipingo yachikhristu imaphunzitsira, ndi khalidwe la munthu amene kudalira kwake Mulungu ndi machitidwe ake kwa anzake sizitengeka ndi kukoma kapena kuwawa kwa nyengo. Ulaliki wa nkhaniyi umamveka kwambiri usiku wa pa 31 Disembala ndi m'mawa wa pa 1 Januwale, pamene anthu amakumbukira zimene zawagwera n'kumalingalira za kutsogolo. M'midzi ya kumwera kwa boma la Lilongwe, kuchokera ku Nathenje pamsewu wa M1, kudzera ku Mitundu mpaka kunsi kwa mapiri a Dzalanyama kumalire ndi Mozambique, mawu otonthoza amayesedwa msanga, chifukwa chaka chimalowa njala ili pakhomo.

Kalendala yopachika pakhoma ndi kalendala ya mlimi sizigwirizana. Chaka cha mlimi wa kuno chimayamba ndi mvula yodzalira mu Novembala kapena Disembala, n'kutha ndi masika mu Epulo ndi Meyi. Tsiku la 1 Januwale lili pakati pa ulendowo, ndipo kumunda palibe chimene chimayamba kapena kutha pa tsikuli. Chimanga chimakhala chikulekeza m'mawondo kapena m'chiuno, chikufuna kupalira, kubandira ndi feteleza wobereketsa. Fodya wa bale amakhala ali pafupi kuthyoledwa, koma ndalama yake idzaoneka msika wa ku Kanengo ukadzatsegulidwa, kawirikawiri cha mu Epulo. M'nyumba zambiri chimanga cha chaka chatha chimakhala chitatha kapena chatsala cha pansi pa thumba, pamsika wa Mitundu mtengo ukukwera, ndalama za banki m'khonde zimene anagawana mu Disembala zitapita ku feteleza ndi Khirisimasi, sukulu zikutsegulira teremu yachiwiri, malungo nawo ali pachimake. Wosauka amasiya munda wake uli thengo n'kukalima wa mnzake paganyu, akudziwa bwino lomwe kuti ufa umene walandira lero ukumudyera zokolola za mu Meyi.

Miyezi imeneyi ili ndi mbiri yake. Njala ya 2002 inafika poipitsitsa mu Febuluwale ndi Malichi, pamene anthu a m'chigawo chapakati anadya gaga, zitsa za nthochi ndi chimanga chosakhwima. Pa 12 Januwale 2021 mliri wa Covid-19 unatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anali a Lingson Belekanyama, phungu wa dera la Lilongwe Msinja South, la konkuno. Mu Januwale 2023 kolera anachititsa boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Chaka cha 2024 chinalowa ndalama ya kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense mu Novembala, kenaka ng'amba ya El Niño inawamba mbewu, moti mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Munthu wamkulu amene wakhala pabenchi kumva ulaliki wa chaka chatsopano amakhala akukumbukira zonsezi, ndipo mlaliki amene waziiwala amalankhula yekha.

Mipingo ya m'derali imalowa chaka m'njira zosiyana. A CCAP a Sinodi ya Nkhoma, amene mishoni yawo ya ku Nkhoma inakhazikitsidwa ndi amishoni a Dutch Reformed mu 1896, amachita mapemphero oyamika ndi kupereka chaka m'manja mwa Mulungu. Akatolika a m'maparishi monga Mlale ndi Nathenje amachita Misa ya chaka cha Maria Amayi a Mulungu, ndipo kuyambira mu 1968 tsikuli ndi lopempherera mtendere padziko lonse. Mipingo yachipentekoste imachezera usiku wonse pa mapemphero amene achinyamata amangowatcha crossover, ena n'kukwera phiri la Bunda kukasala kudya masiku oyamba a chaka. Kuchezera kotereku si kwachilendo m'Chikhristu, pakuti a Moravian ndi John Wesley ankakuchita kale m'zaka za m'ma 1700. Chimene chimasiyanitsa mapemphero amodzi ndi anzake si utali wa usiku kapena kukula kwa zokuzira mawu, koma zimene anthu alonjezedwa pobwerera kunyumba.

Lonjezo lofala masiku ano ndi lakuti chaka chimene chikulowacho ndi cha kutukuka, cha kutseguka kwa makomo, cha kutha kwa ngongole. Mawuwa amakoma, ndipo n'kulakwa kunyoza munthu wanjala chifukwa cholakalaka kumva zabwino. Vuto lake limaoneka mu Febuluwale. Mvula ikadula, mbozi zikalowa m'chimanga, mwana akagonekedwa kuchipatala cha Mitundu, amene anauzidwa kuti chaka n'chake amatsala ndi mayankho awiri okha: mwina chikhulupiriro chake chinachepa, kapena pali wina amene wamutsekera mwayi. Yankho loyamba limabala kudziweruza, lachiwiri limabala kulozana zala. Chikhulupiriro chomangidwa pa tsiku la pakalendala chimafuna kumangidwanso Disembala aliyense, ndipo n'chifukwa chake anthu ena amasamuka mipingo pafupipafupi kufunafuna mneneri amene mawu ake adzagwire.

Malemba amene mipingo yakale imawerenga pa nyengoyi salonjeza zotero. Salimo 90 limakumbutsa za kufupika kwa moyo, n'kupempha nzeru yowerengera masiku. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imapereka mlimi ngati chitsanzo cha kuleza mtima, pomuonetsa akudikira mvula yoyamba ndi yomaliza. Kwa munthu wa ku Nathenje chitsanzochi sichisowa womasulira, ndipo iye amadziwa chimene owerenga a m'tauni amachiphonya: mlimi wodikira mvula sakhala pansi. Amapalira chimanga chimene sakudziwa ngati chidzabereka. Mneneri Habakuku, kumapeto kwa buku lake, amatchula mitengo yosabala, minda yopanda chakudya ndi makola opanda ziweto, ndipo atatha kuwerenga zonsezo amasankha kukondwerabe mwa Mulungu. Sakunena kuti zinthu zisintha mwezi wamawa. Paulo naye analemba za kukhutira m'kusowa ndi m'kuchuluka ali m'ndende, ndipo kwa Akorinto anavomera kuti pemphero limene analibwereza katatu silinayankhidwe monga ankafunira.

Chiphunzitso chimenechi chinaikidwa m'ndondomeko mu Katekisma wa Heidelberg wa 1563, umodzi mwa maziko a mpingo wa Dutch Reformed umene unabala Sinodi ya Nkhoma. Mafunso 27 ndi 28 amanena za chisamaliro cha Mulungu, ndipo zitsanzo zake ndi za mlimi: mvula ndi chilala, zaka za dzinthu ndi zaka za njala, thanzi ndi matenda, chuma ndi umphawi. Phindu lodziwa zimenezi limatchulidwa patatu: kupirira pamavuto, kuyamika pamtendere, ndi kulimba mtima pa za m'tsogolo. Katekismayu sakuti wokhulupirira adzalambalalidwa ndi chilala. Akuti chilalacho sichingamuchotse m'dzanja la Mulungu.

Apa pamabuka funso limene lavutitsa anthu kuyambira kale: ngati mvula ili m'manja mwa Mulungu, kusowa kwake ndi chilango cha ndani? Funsoli ndi lakale m'dera lino kuposa Chikhristu. M'mapiri a Dzalanyama ndi momwe muli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira pamodzi ndi mvula n'kusiya mapazi pathanthwe, ndipo ku Msinja ndi kumene kunali kachisi wa Makewana, kumene anthu ankapita ndi nsembe mvula ikavuta. Makolo ankaona chilala ngati nkhani ya mtundu wonse, yofuna kuti onse adziyang'ane. Chimene chimaoneka m'midzi ina ya m'Malawi masiku ano n'choipa kuposa pamenepo: ng'amba ikatalika, amaloza nkhalamba kuti yamanga mvula, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Baibulo limakana kulumikiza tsoka ndi tchimo la munthu mwachangu chotero. Abwenzi a Yobu anaumirira kuti iye analakwa penapake, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anadzudzula iwowo. Pa Yohane 9 Yesu anakana kuti munthu wobadwa wosaona anachimwa, iye kapena makolo ake. Chimodzi mwa zizindikiro za mtima wokhazikika, tsono, ndi kutha kukhala ndi funso lopanda yankho popanda kusaka munthu wom'senzetsa mlandu.

Kukhazikika si kuuma mtima. Masalimo ambiri ndi madandaulo, ndipo m'Baibulo muli buku lathunthu la Maliro. Eliya atathawira kuchipululu n'kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, sanalandire chidzudzulo koma chakudya, madzi ndi tulo, kenaka ntchito. Mwambo wa maliro wa kuno umadziwa zomwezi: namfedwa amaloledwa kulira, anansi amagona pasiwa, adzukulu amakumba manda, amayi amatunga madzi ndi kuphika. Mlaliki amene amaletsa misozi poti ndi kuchepa kwa chikhulupiriro amakhala atapitirira Malemba ndi mwambo womwe.

Pali ngozi inanso, ya mbali inayo. Mawu a kupirira amagwiritsidwa ntchito kutseka anthu pakamwa. Mayi womenyedwa amauzidwa kuti banja ndi kupirira, wogwira ntchito m'munda wa fodya amene walipidwa mwachinyengo amauzidwa kuti asunge khosi mkanda woyera adzavala. Koma mutu 5 wa Yakobo womwewo, usanafike pa mlimi woleza mtima, umayamba ndi kudzudzula olemera amene amabisa malipiro a okolola m'minda yawo. Mbiri ya dziko lino ili ndi chitsanzo chake. Pa 8 Malichi 1992, chaka cha chilala choopsa, maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata ya Lenti yodzudzula kuponderezana ndi umphawi, anaopsezedwa, koma sanaibweze. Kumeneko kunali kukhazikika mtima, ndipo kunalibe kukhala chete m'kati mwake. Munthu amapirira mvula, matenda ndi imfa, zimene sangazisinthe. Nkhanza ndi chinyengo amaima nji n'kuzikana.

Mayeso aakulu a chiphunzitsochi m'derali ali m'nkhalango. Nkhalango ya Dzalanyama, imene inatetezedwa mu 1922 ndipo ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 99,000, ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde ndi kumwetsa mzinda wonse. Ndi komwenso kumachokera makala ambiri ophikira mumzindamo, moti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera mitengo. Njinga zosenza matumba aatali zimene zimatsetsereka m'misewu yolowera m'tauni mbandakucha zimapalasidwa ndi anthu amene ambiri mwa iwo ndi Akhristu, ena ndi oimba kwaya. Kuuza bambo amene ana ake agona ndi njala kuti apirire, asadule mtengo, n'kosavuta kwa munthu wokhuta, ndipo wogula makalawo nthawi zambiri ndi Mkhristu mnzake wa ku Area 25 kapena Kawale. Komabe uvuni uliwonse umachepetsa bowa amene amayi amazula m'dzinja, nkhuni, ndi madzi a m'madimba. Mlandu wotere suthetsedwa ndi ulaliki woloza wowotcha makala yekha. Umaonetsa kuti kukhazikika kwa munthu mmodzi kuli ndi malire, ndipo kuti njala ikafika pena, chimene chimamuimitsa munthu ndi thandizo lochokera kwa ena.

N'chifukwa chake mipingo imayala chiphunzitsochi m'magulu aang'ono. Miphakati ya Akatolika inazika mizu mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, pa nthawi ya Episkopi Patrick Kalilombe, ndi cholinga chakuti mabanja oyandikana azipemphera pamodzi ndi kusenzerana mavuto. Amayi a Chigwirizano a Sinodi ya Nkhoma, pambali pa kuphunzira Mawu, amayendera odwala, amasiye ndi okalamba. Mu Januwale ntchito zawo zimakhala zooneka ndi maso: kukapalira munda wa mayi amene ali kuchipatala ndi mwana, kusonkha ufa wa pamaliro, kufolera denga la gogo limene likudontha, kubwereketsa ndalama kwa amene akanapita kukatenga katapira. Yakobo, pamutu 2, amatcha chakufa chikhulupiriro cha munthu amene amadalitsa mbale wake wanjala ndi mawu okha, ndipo Paulo anatha zaka akusonkhetsa ndalama m'mipingo ya ku Makedoniya ndi Akaya zothandizira osauka a ku Yerusalemu.

Dongosolo la zopereka nalo limalowa m'nkhaniyi. Mipingo yambiri ya kumudzi imalandira zochuluka pa nthawi ya masika, pamene anthu amabwera ndi matumba a chimanga, mtedza, soya ndi nkhuku, koma kusowa kwa akhristu ake kumafika miyezi isanu ndi itatu pambuyo pake. Mpingo umene umagulitsa zonse mu Juni kuti umalize kumanga tchalitchi umafika mu Januwale uli ndi ulaliki wokha. Umene umapatulako matumba, monga Yosefe anachitira pa Genesis 41, umakhala ndi choyankha pamene mkulu wa mpingo kapena wapampando wa mphakati abwera ndi mayina a mabanja amene moto sunayake masiku awiri. Zokambirana za kuchuluka kwa matumba osunga, malo owasungira, mankhwala a anankafumbwe ndi amene adzasunge kiyi zimachitika m'miyezi ya masika, pamene njala ili kutali ndipo ofuna kugulitsa amakhala ambiri.