Mapointi 16 ndi udokotala: timuuze chiyani mwanayu?



Zotsatira za MSCE zikangotuluka, mafoni a enafe sapuma. Ulendo uno amene anandiimbira ndi achemwali anga, mawu akuchita kunjenjemera ndi chimwemwe: mwana wawo wamkazi wapeza mapointi 16. Kumudzi kunali nthungululu, nkhuku inafa, chifukwa pasukulu yawoyo palibe wina amene anafikapo pamenepo. Koma usiku womwewo, anthu atagona, mtsikanayu ananditumizira uthenga wakewake pa WhatsApp. "Amalume, ndi 16 ndingalowe udokotala? Mundiuze zoona."

Zala zanga zinathamanga zokha. Ndinalemba kuti "Insha Allah ulowa, usadandaule." Ndisanatumize ndinawerenganso, kenaka ndinafufuta. Ndinakhala ndi foni m'manja mpaka adhana ya m'bandakucha inatsala pang'ono, ndikudzifunsa ngati mawu amenewo anali dua kapena njira yothawira funso. Nkhani yomwe ndabwera nayo lero ndi imeneyi: wachinyamata amene wakhoza bwino, koma osafika pamene loto lake likufuna, tili naye ngongole yanji, ya chilimbikitso kapena ya choonadi?

Kwa amene munaiwala kawerengedwe kake, MANEB imapereka giredi 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndiye kulephera. Amaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, choncho nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino, ndipo yotsikitsitsa ndi 6. Mapointi 16 si masewera. Ana ambiri m'dziko muno amagona akulota nambala imeneyi osaiona. Vuto lili poti sukulu ya boma yophunzitsa madokotala, imene inayamba mu 1991 ngati College of Medicine ku Blantyre ndipo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, imalandira makalata kuchokera kwa ana okhoza kwambiri a dziko lonse, malo ali ochepa. Ambiri amene amatengedwa ku MBBS ndi aja mapointi awo ali pafupi ndi 6, ndipo amayang'ananso kuti Biology, Chemistry, Physics ndi masamu zayenda bwanji. Mwana wa 16 amaloledwa kulembera, fomu yake siitayidwa pakhomo, koma patsogolo pake pali mzere wautali wa anzake. Mwayi wake ndi wochepa. Izi ndimazidziwa pamene ndinkalemba "ulowa" uja.

Tsono Insha Allah ndi mawu oona nthawi zonse, palibe cholowa kapena chotuluka popanda chifuniro cha Allah. Koma tivomereze, ife tinawasandutsa chophimbira. Wangongole akati "mawa Insha Allah" tonse timadziwa kuti ndalamayo tiiwale. Munthu akakufunsa zimene ukudziwa, iwe n'kumuyankha ndi zimene Mulungu yekha akudziwa, pakamwa sipanatuluke bodza, koma wamusiya akukhulupirira chinthu chimene iweyo sukuchikhulupirira. Ndipo wogwiritsa dzina la Allah pobisa mantha ake oopa kukhumudwitsa mwana, ine ndikuona kuti walakwira awiri.

Komatu mbali inayo ili ndi mfundo, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mnzanga wina, mphunzitsi wa sekondale, ndinamufotokozera m'mawa mwake. Anandiyankha kuti, "Aise, iwe ndiwe ndani kuti uzimitse nyali ya mwana? Kodi unaona mndandanda wa chaka chino? Ana angati ndawaona ine akupita patali chifukwa wina anawanamiza mokoma kuti angathe?" Akunena zoona. Malire a mapointi sanalembedwe pamwala, amasuntha malinga ndi mmene ana alembera chaka chimenecho ndi kuchuluka kwa olembera. Komanso mtima wa mwana wa zaka 18 ndi dzira. Mawu amodzi a malume amene amamudalira akhoza kumukhazika pansi moyo wake wonse. Pali anthu amene amati akunena chilungamo pamene akungosangalala kugwetsa anzawo, ndipo tonse tinakumanapo nawo.

Chimene ndinamuyankha n'chakuti bodza lokoma lili ndi mtengo, ndipo wolipira si ine. Ndikamuuza kuti ulowa, iye alemba udokotala pamwamba pa fomu ya NCHE, n'kudzaza mipata inayo ndi mapulogalamu ena ovuta chimodzimodzi, kapena kungolembapo zilizonse mosaganizira chifukwa mtima uli kumodzi. Sayang'ana nyuzi za makoleji ena, masiku olembera n'kudutsa. Mndandanda ukatuluka dzina lake palibe, chaka chapita. Ndipo kwa mtsikana wa kumudzi chaka chokhala pakhomo si chaka wamba. Ndi chaka chimene azakhali amayamba kunena kuti mwana wakula uyu, ndi chaka chimene munthu wina wa sitolo pa trading centre amatumiza akuluakulu kudzafunsira. Ine ndidzakhala ndili m'tauni, nditaiwala kale uthenga wanga wokoma uja.

Pali funso lina limene linandivuta kuposa loyambalo. Kodi 16 ameneyu akuyeza chiyani? Mtsikanayu waphunzira pa CDSS yopanda labotale. Zoyeserera za Chemistry anaziona koyamba mayeso atayandikira, mankhwala ake obwereka kusukulu ina. Physics anawaphunzitsa mphunzitsi amene sanaphunzire za Physics, wongodzipereka poti panalibe wina. Amawerenga ndi tochi akamaliza kutunga madzi ndi kuphika. Mnzake wa mapointi 8 anali kusukulu yogonera komweko, magetsi usiku wonse, mabuku, aphunzitsi apadera pa holide. Sindikuchotsera ulemu wa 8, mwana ameneyo anatuluka thukuta lake. Koma ndani angalumbire kuti mutu wa 8 ukuposa wa 16 uja? Nambala imayeza mwana pamodzi ndi sukulu yake, thumba la makolo ake ndi mtunda wa kuchitsime, zonse n'kuzimanga mtolo umodzi, kenaka n'kulembapo dzina la mwana yekha.

Ndiye kodi yunivesite ikulakwa? Apa ndimagwa m'kati. Dokotala saphunzitsidwa pansi pa mtengo. Pamafunika aphunzitsi amene nawonso ndi madokotala osowa, ma labotale, ndi mawodi a chipatala ngati Queen Elizabeth kumene ophunzira amaima pambali pa bedi la wodwala weniweni. Ophunzira akachuluka kuposa mmene awaphunzitsi angawayang'anire, wovutika ndi wodwala wa mawa, amene mwina ndi mayi ako. Ndiye malo akachepa pamafunika muyeso. Tikachotsa mapointi tiikapo chiyani? Kalata ya a mfumu? Kucheza ndi mwana maso ndi maso, kumene wolankhula Chingerezi cha m'mphuno amapambana asanayankhe n'komwe? M'dziko limene dzina la bambo ako limatsegula zitseko, nambala ndi imodzi mwa zinthu zochepa zimene mwana wa mlimi angagonjetsere mwana wa bwana. Ndi chifukwa chake anthu anapsa mtima kwambiri mu 2020 pamene mayeso a MSCE anabedwa mpaka kuthetsedwa n'kulembedwanso: wobera mayeso amaba muyeso wokhawo umene osauka anali nawo. Dziko lino linayesaponso njira ina, ija ya quota, yogawa malo poyang'ana maboma. Inakanganitsa anthu zaka zambiri, ena akuti ikukweza madera otsalira, ena akuti ikulanga mwana wokhoza chifukwa cha kumene anabadwira, mpaka boma linaithetsa mu 2020. Njira iliyonse imasiya mwana wina akulira panja. Ine sindinapeze yopanda misozi.

Choncho nambala ikunena zoona za mzere umene mwanayu waimapo. Za mtengo wake ngati munthu, kapena za mmene manja ake angagwirire wodwala, ilibe mawu. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene ambiri timasokoneza. Wonamiza amabisa za mzerewo poopa kuti mwana amva ngati wanyozedwa. Wankhanza amatchula za mzerewo ngati kuti ndi chigamulo cha mutu wa mwanayo. Onse awiri asakaniza zinthu ziwiri zosiyana.

Ngati tasankha kunena zoona, tinene zonse. Theka la choonadi limapweteka kuposa bodza. Zonse zake ndi izi: khomo lolowera molunjika ndi lopapatiza, koma nyumba ya zaumoyo ili ndi makomo ena. Pitani pa chipatala cha boma lililonse, mufunse amene wachita opaleshoni mayi wovutika pobereka usiku wapitawu. Nthawi zambiri si dokotala wa MBBS, ndi clinical officer, munthu wa diploma ya zaka 3 wochokera ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a mishoni ngati Malamulo. Odwala amamutcha adokotala, ndipo kunena zoona dziko lino lanyamulidwa ndi anthu amenewa kwa zaka zambiri. Ena mwa iwo amabwerera kusukulu n'kukatenga digiri. Pali unamwino ndi uzamba, pali zopima magazi ku labotale, pali zamankhwala. Pali amene amayamba ndi digiri ya sayansi kenaka n'kulembera udokotala atakula. Palinso kubwereza Fomu 4 n'cholinga chotsitsa mapointi, njira imene ena yawathandiza, ena n'kubwerako ndi nambala yomweyo atataya chaka ndi ndalama.

Koma ndisakometsere. Makomo amenewa si ofanana. Clinical officer amagwira ntchito ya dokotala pa malipiro ndi ulemu wocheperapo, ndipo pali denga limene amagundako mutu. Njira yozungulira imadya zaka, pamene wolowa molunjika amachita chaka chimodzi chokonzekera ndi zaka 5 za MBBS n'kumaliza. Kumuuza mwana kuti zonse n'chimodzimodzi ndi bodza linanso, longovala mkanjo wina.

Pamacheza ngati amenewa sipalephera munthu wonena kuti mwanayo aunike niya yake: akufuna kuchiza anthu, kapena akufuna dzina loti dokotala? Funsoli ndi labwino, ndipo aliyense wofuna ntchito imeneyi ayenera kudzifunsa, chifukwa zaka za m'mawodi ndi fungo, kusagona ndi imfa, si chithunzi cha pa Facebook atavala chovala choyera. Nthawi zina loto silikhala la mwana n'komwe, limakhala la mayi amene akufuna kudzatchedwa amake a dokotala. Koma ndaona chinthu chimodzi chimene chimandinyansa. Funso la niya timafunsa ana a osauka okha. Mwana wa munthu wachuma akapeza 20, bambo ake amamukweza ndege kukaphunzira udokotala kunja, ndipo palibe amene amamukhazika pansi kuti aunike mtima wake. Wosauka yekha ndiye timamuphunzitsa kukhutira. Ngati tikufuna kulalikira kukhutira, tiyambe taonetsetsa kuti sitikungodzipeputsira udindo wosonkha fizi. Pamzikiti timatha kusonkha za matayilosi ndi zokuzira mawu pa Ijumaa imodzi. Fizi ya mtsikana wofuna kubwereza Fomu 4 pasukulu yokhala ndi labotale ndi yochepa kuposa pamenepo, ndipo ndi ife tomwe timadandaula kuti amayi athu akusowa madokotala achikazi.

Mawu akuti "sizinalembedwe" nawonso timafulumira nawo. Qadar timaidziwa ikachitika. Fomu isanatumizidwe, mndandanda usanatuluke, palibe shehe kapena malume amene waona zolembedwazo. Wonena kuti "ulowa basi" ndi wonena kuti "iwe si za iwe izi" onse akudzipatsa udindo wowerenga buku limene sanapatsidwe. Chimene tapatsidwa ife ndi chaching'ono: zimene tikudziwa za chaka chatha ndi zaka zapitazo, nzeru zodzazira fomu, ndalama zochepa m'thumba, ndi dua.

Ndinamuimbira tsiku lachiwiri, sindinafune kulemba. Ndinamuuza kuti 16 wa pasukulu yake ndi chinthu chachikulu ndipo sindikunena mongomusangalatsa. Ndinamuuza kuti ku MBBS mwayi wake ndi wochepa, kuti alembe ndithu ngati mtima ukufuna chifukwa osalemba ndiye alibiretu mwayi, koma mipata inayo aidzaze ndi mapulogalamu amene 16 angafikire, ndipo alemberenso ku makoleji a clinical officer ndi unamwino masiku asanadutse. Ndinamuuzanso kuti akasankha kubwereza, theka la fizi ndi langa, ndipo nkhani ya ukwati ndikalankhula ndekha ndi akuluakulu, poti umalume ndi womwewo.

Anakhala chete nthawi yaitali, ndimangomva mbuzi zikulira kumbuyo. Kenaka anati, "Ndimadziwa kale, amalume. Aliyense amangoti ndilowa, ndiye ndimaona ngati ndine ndekha wopanda chikhulupiriro." Analira pang'ono. Amayi ake sanandiyankhule sabata yathunthu, akuti ndamulodza mwana ndi pakamwa.

Fomu anatumiza, udokotala uli pamwamba. Za kubwereza sanasankhebe. Dzulo wanditumizira chithunzi cha buku la Chemistry la Fomu 3 limene wabwereka kwa mnzake, akufunsa ngati kuno ku tauni lingapezeke la Fomu 4 lotchipa.