Za Mthenga, Uthenga ndi Mwini Mawu

Achinyamata a ku Malindi ndi a m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, akakhoza bwino mayeso a Fomu 4 napita ku sukulu za ukachenjede monga MUBAS ku Blantyre kapena Mzuzu University kukaphunzira za malonda ndi za makompyuta, amakumana ndi phunziro lofotokoza mmene uthenga umayendera pakati pa makompyuta a m'masitolo, m'mabanki ndi m'maofesi. Ndipo ngakhale ambiri amaliyesa phunziro louma la mawaya, manambala ndi zojambula za mabokosi olumikizidwa ndi mizere, ine ndiona kuti pansi pake pagona funso lakalekale, limene makolo athu ankalimbana nalo pabwalo la milandu, limenenso alembi a mabuku oyera sadalisiye. Funsolo ndi ili: munthu angakhulupirire bwanji mawu a mnzake amene sakumuona ndi maso, ndipo mthenga akaigwira ntchito yake yonse mosalakwitsa, chimene chatsalira ife eni mawu n'chiyani?

Dziko la kumwera kwa nyanjali lidazolowera amithenga kuyambira kale. Mfumu Mponda ndi mfumu Makanjira ankatuma anthu awo kunyamula mawu pamtima, kuoloka Shire ndi kukwera mapiri kufikira kugombe la nyanja yamchere. Azungu atamanga linga la Fort Johnston mu 1891, kudabwera amtengatenga oyenda pansi ndi matumba a makalata, ndipo posakhalitsa waya wa kampani ya Cecil Rhodes, African Transcontinental Telegraph Company, udadutsa pomwepo kuchokera ku Blantyre nulunjika ku Karonga chaka cha 1900 chisanakwane. Lero mawu a msodzi wa ku Malindi opita ku maiko akutali amachoka m'foni yake kukwera pa nsanja ya netiweki, amatsikira m'chingwe cha faiba, nadutsa m'dziko la Tanzania kapena la Mozambique kukalowa m'zingwe zogona pansi pa nyanja yamchere, monga SEACOM chimene chidayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy cha mu 2010. Zingwe ziwirizi zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa m'mwezi wa Meyi 2024, intaneti idafooka kuno kwathu ndi m'maiko ena oyandikana nafe, ndipo anthu amene sadalionepo gombelo adadziwa tsiku limenelo kuti malonda awo amapachikika pa ulusi umene sadzaukhudza ndi dzanja.

Chinthu choyamba chimene wophunzira amauzidwa n'chakuti uthenga suyenda wathunthu. Kalata, chithunzi kapena lamulo lolipira ndalama zimaduladulidwa kukhala timaphukusi ting'onoting'ono, kalikonse kolembedwa kumene kachokera, kumene kakupita ndi nambala ya malo ake pamndandanda; ndipo makina olondolera njira, otchedwa router, amapatsirana timaphukusito, kena kudzera uku, kena kudzera uko, kufikira tonse titakumana kwa wolandira, amene amatisanjanso monga mwa manambala ake. Anthu a ku Malindi sayenera kuvutika pomvetsa zimenezi, pakuti sitima ya mishoni ya UMCA, Chauncy Maples, imene idatchedwa dzina la bishopu amene adamira m'nyanja yathuyi mu 1895, idafika kuno mwa njira yomweyo. Adaipanga ku Glasgow, naiphwasula kukhala zidutswa zoposa 3,000, zimene zidakwera Zambezi ndi Shire m'mabwato, ndi kusenzedwa pamitu ya anthu pamene mathithi adatseka njira. Koma popeza kuti pozikuta ndi mankhwala oletsa dzimbiri manambala ake adakwiririka, amisiri adavutika nyengo yaitali kufunafuna chidutswa choyenera malo ake, ndipo sitimayo idayandama pamadzi mu 1901. Katundu angafike yense, koma ngati dongosolo lake latayika panjira, chimene chafika ndi mulu wa zitsulo, osati sitima.

Chifukwa cha ichi akatswiri adakonza pangano la kalankhulidwe limene makompyuta onse a pa intaneti amalimvera, lotchedwa TCP/IP, limene Vint Cerf ndi Bob Kahn adalongosola maziko ake mu 1974, ndipo lidayamba kulamulira pa netiweki ya ARPANET pa 1 Januwale 1983. Pangano limeneli lili ndi ulemu wake umene mkulu aliyense wa pamudzi angauvomereze. Kompyuta siiyamba kukhuthula nkhani isanaodire: imagogoda, inzake imavomera ndi kufunsanso ngati kuvomerako kwamveka, yoyamba ija imatsimikiza, ndipo pokhapo nkhani imayamba. Zimene zafika zimayankhidwa kuti zafika; kaphukusi kamene kakhala chete nthawi yaitali kamatumizidwanso; ndipo kalikonse kamanyamula chiwerengero choyesera ngati kanthu kasinthika panjira, kotero kuti kolumala kamatayidwa ndipo kena kamabwera m'malo mwake. Nzeru yonseyi idamangidwa pa kudzichepetsa, pa kuvomereza kuti njira imataya, imachedwetsa ndi kupotoza. Makolo adati kandimverere adakanena za m'maluwa, pochenjeza kuti mawu odzera m'kamwa mwa wina safika monga adachokera. Koma taonani, ana a anthu apanga mthenga amene saonjeza, sachotsa, saiwala, salandira chiphuphu ndipo saima panjira kumwa thobwa. Ichi n'chinthu chachikulu ndithu, ndipo sindichipeputsa.

Koma pomwepa ndi pamene funso lathu likulira. Claude Shannon, amene mu 1948 adaika maziko a masamu a phunziro lonseli, adanena poyera kuti tanthauzo la uthenga si nkhani ya mmisiri. Ntchito ya mmisiri ndi kuonetsetsa kuti chimene chalowa mbali ino chituluke chomwecho mbali inayo. Wophunzira amaloweza misinkhu 7 ya ndondomeko ya OSI, kuyambira pa waya ndi mafunde a wailesi kufikira pa pulogalamu imene munthu amaiona pa galasi la foni, koma pa misinkhu yonseyo palibe ngakhale umodzi umene umafunsa ngati mawuwo ndi oona. Mthenga wangwiroyu amanyamula madalitso ndi matemberero, mtengo woona ndi mtengo wabodza, uthenga wa maliro enieni ndi wa maliro opeka, zonse ndi chisamaliro chimodzimodzi.

Pitani pagombe m'mamawa, pamene mabwato a chilimila abwera ndipo usipa wayanikidwa pa thandala. Mayi wogula nsomba aimbira foni mnzake wa mu msika wa Limbe, agwirizana za ndowa ndi za mtengo, ndipo wa ku Limbeyo atumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. “Mayi, ndatumiza, taonani ngati yalowa.” Mayiyo ayang'ana foni, apita kwa ejenti pansi pa ambulera, awerenga ndalama kawiri atanyowetsa chala, ndipo ayankha kuti, “Yalowa, achimwene, katundu akwera madzulo ano.” Makina atsimikiza kuti ndalama yachoka uku yafika uko, ndipo sadalakwitse ngakhale tambala imodzi, koma kuti usipawo ndi wouma bwino, kuti pansi pa thumba sipadaikidwe wofumbwa, kuti ndowa yoyezera sidaphwanyidwe m'mbali, palibe chingwe chimene chingachitire umboni. Malonda onsewo aima pa dzina la mayiyo, limene adalimanga zaka zambiri ndipo likhoza kugwa tsiku limodzi. Ndipo foni yomweyo, madzulo ake, ilandira uthenga wa munthu wosadziwika wonena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina, kapena kuti mwana wagonekedwa m'chipatala ndipo pakufunika thandizo msanga. Uthenga wonyengawo ufika wosalala, wosasowa chilembo chimodzi, pakuti netiweki yautumikira mokhulupirika monga idatumikira woona uja.

Aphunzitsi a phunziroli sakhala chete pa zimenezi. Amaphunzitsa kubisa mawu kuti wapanjira asawawerenge, manambala achinsinsi, ndi zizindikiro zotsimikizira amene watumiza. Bungwe la MACRA nalo lidalamula mu 2018 kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe. Zonsezi n'zabwino, ndipo amene azinyozera adzalira, pakuti safunsa adadya phula. Komabe chimene zingatsimikize ndi chakuti mawu achokera kwa uje. Sizingatsimikize kuti ujeyo akunena zoona. Ndiponso m'mabuku a phunziroli muli mwambi wa akazembe awiri a nkhondo, okhala pa mapiri awiri, mdani ali m'chigwa pakati pawo, amene ayenera kuthira nkhondo pa ola limodzi kapena kugonja. Woyamba atuma mthenga kunena ola. Koma sadziwa ngati mthengayo wadutsa, choncho adikira yankho. Wachiwiri ayankha, koma iyenso sadziwa ngati yankho lake lafika, choncho adikira yankho la yankho. Ndipo akatswiri adaonetsa ndi masamu kuti pa njira yotaya mauthenga, ngakhale amithenga atachuluka chotani, sipadzafika nthawi imene onse awiri adzadziwa kotheratu kuti agwirizana. Uthenga wotsiriza nthawi zonse umapita wopanda mboni. Kotero ngakhale makina, pofuna kuti ntchito ichitike, amafika pamene amaleka kufunsa nayamba kuchita. Ndipo chimene mmisiri amachitcha kulolera chikayiko chaching'ono, ife pa Chichewa timati kukhulupirirana.

Zipembedzo ziwiri zimene zakhala moyandikana pa gombe lino kwa zaka zoposa 100 zidalidziwa funsoli mafoni asanabwere. Mashehe a m'mizikiti ya ku Mangochi amadziwa kuti akatswiri akale a Chisilamu, posonkhanitsa zonena za Mtumiki Muhammad, sankakhutira ndi mawu okha, koma ankalondola mndandanda wa anthu amene adapatsirana mawuwo, nafufuza za aliyense ngati anali wa chikumbumtima chabwino ndi wosanama. Pakuti adazindikira kuti kulimba kwa uthenga kuli m'khalidwe la ounyamula. Akhristu a ku tchalitchi cha Anglican ku Malindi nawo amawerenga za nsanja ya Babele, kumene anthu a chinenero chimodzi, omvana bwino lomwe, adagwiritsa ntchito kumvanako pomanga kudzikuza kwawo. Amawerenganso za tsiku la Pentekoste, pamene anthu a zinenero zambiri adamva uthenga umodzi, aliyense m'chinenero cha kwawo, nalaswa mtima. Poika nkhani ziwirizi pamodzi tiona kuti chinenero chimodzi, ngakhale chikhale TCP/IP chimene dziko lonse lapansi lachivomera, sichiyanjanitsa anthu mwa icho chokha. Ndipo fanizo la wofesa litiphunzitsa kuti mbewu idafika ponseponse, panjira, pathanthwe, paminga ndi pa nthaka yabwino. Kufika idafika, koma kubala kudali kwa nthaka.

Pali kusiyana, tsono, pakati pa kufika ndi kumveka, ndipo mabanja a kuno amene ana awo ali ku Joni akudziwa bwino. Mnyamata ali ku Johannesburg kapena ku Durban angatumize ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo zingafike m'kanthawi kochepa, pamene agogo ake opita ku migodi pa Wenela ankadikira masabata kuti kalata ifike. Koma mayi ake akamutumizira mawu pa WhatsApp kuti bambo ako adwala, bwera udzawaone, timizere tiwiri ta pa WhatsApp tingaonetse kuti uthenga wafika ndipo watsegulidwa, mwanayo osaumva konse. Kumva kumene makolo amafuna pofunsa mwana kuti “wamva?” ndi kumva kobala ntchito, kumene kumanyamutsa munthu pampando. Kumva kotereku kulibe nambala pa misinkhu 7 ija.

Ena adzati makina akamka nakula, kukhulupirirana sikudzafunikanso, popeza zonse zidzalembedwa ndi kutsimikizidwa. Ine ndikana, pakuti kulemba kumangosuntha malo a chikhulupiriro: amene sakhulupirira wamalonda akhulupirira ejenti, amene sakhulupirira ejenti akhulupirira kampani, ndipo kampaniyo ndi anthu, ena a iwo ana athu omwewa amene akuphunzira lero, amene mawa adzasunga makiyi a makompyuta a mabanki ndi a zipatala, nadzatha kuona zinsinsi za anthu zikwizikwi popanda wowaona. Enanso adzati mafoni ndiwo abweretsa bodza, ndipo kukadakhala bwino tikadakhala monga kale. Awanso ndiwakana, pakuti walira mvula walira matope. Foni yomwe ija imaitana galimoto usiku kuti mayi wapakati afike ku chipatala cha St Martin's nthawi isanathe, ndipo bodza lidalipo m'mitima ya anthu waya woyamba usanamangidwe.

Chifukwa chake ndinena kwa inu, ana athu amene mwakhala pansi kuphunzira zimenezi: phunzirani ndi mtima wonse, dziwani kuyala chingwe, kugawa maadiresi ndi kutseka mipata ya akuba, pakuti mudzi wanu ukusowa amisiri otere, ndipo ntchito yolumikiza anthu ndi ntchito yolemekezeka pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Koma musaganize kuti mthenga akakhala wangwiro, mwini mawu wamasuka. Kale munthu wonama ankatha kukankhira mlandu kwa wotumidwa, nati sindidatero ine, adapotoza ndi iyeyo. Lero pothawira pamenepo patsekedwa, chifukwa chimene chafika ndi chimene mudatumiza, chilembo ndi chilembo. Makina atichotsera chowiringula, natisiyira mlandu wonse wa mawu athu. Amene adzapatsidwa makiyi a netiweki ya banki, ya sukulu kapena ya chipatala ayambe kudziyesa pa zazing'ono: asawerenge uthenga umene suli wake, asapititse mphekesera imene sadaifufuze, ndipo akalonjeza kuti katundu akwera madzulo, akweredi madzulo omwewo.